Mwendo Wachitatu

Ndinabwerako ku Joni ndi chikwama chimodzi,
makina ometera awiri, ndi chifuwa chosamva mankhwala.
Pulagi ya makinawo inali ya miyendo yobulungira,
soketi ya kanyumba kanga ka lendi pa Kamuzu Road
inkafuna miyendo ya makona.
Zinangoyang'anana ngati apongozi,
palibe wolowa m'nyumba ya mnzake.

Nkhoswe ndinakaigula kumsika,
pa benchi la mabatire, maloko ndi mankhwala a makoswe:
adaputa yoyera, yopepuka ngati chitsononkho.
Wogulitsa anaitembenuza, nandilozera pamsana:
"Onani zilembo, bwana, C ndi E.
Izi n'za ku Ulaya."
Ndinalipira osanenerera.

Masabata atatu inagwira ntchito.
Inkatentha, inde, koma mu Okutobala ku Salima kuno
n'chiyani chosatentha?
Ikamagwedera ndinkaichirikiza ndi kabokosi ka machesi,
ikamathetheka ndinkakweza wailesi.

Loweruka lina Twaibu anakhala pampando,
ukwati wake uli m'mawa mwake.
Ndinali nditameta mbali imodzi
pamene fungo linafika, la jumbo yopsa kudzala.
Kenako phu!
Khoma linalavula utsi,
makina anafera m'manja mwanga,
mkwati ali kale pamsewu, nsalu ili m'khosi,
theka la mutu dambo, theka nkhalango,
akabaza akuimba mabelu ndi kuseka.

Nachuma amakonza zamagetsi kuseri kwa depoti.
Anabwera ndi sikuludiraiva m'tsitsi,
naitsegula ngati akutumbula nkhuku.
"Fyuzi ili kuti?" Ine chete.
"Mabowowa alibe titseko.
Mwana wanu atalowetsamo msomali, bwenzi tikunena zina.
Nanga mwendo wautaliwu,
woti uzitengera moto wosochera kunthaka,
taonani mkatimu: sunagwire kanthu.
Wangoima ngati mboni yogula."

Ananyowetsa chala ndi malovu,
napukuta pamsana pomwe sipanapse.
C anachoka. E anatsala theka,
kenako nayenso anapita ndi chalacho.

M'thumba mwake anatulutsamo ina, nandiika m'dzanja.
Inkalemera.
Zilembo zake zinali zozokota, chikhadabo chinkakodwamo:
dzina la oipanga, mphamvu imene ingasenze,
ndi kachitseko komwe fyuzi imagona.
"Chizindikiro si chithumwa, achimwene," anatero.
"Ndi lonjezo, ndipo lonjezo limafuna mwini wake,
wokhala ndi dzina, woti nkumufunsa zikavuta.
Inki ngakhale ine ndili nayo."

Sindinayankhe.
M'chikwama muja, pansi pa malaya,
muli pasipoti yokhala ndi chidindo
chimene ndinagula kwa munthu wopanda dzina
kuseri kwa chimbudzi cha pokwerera basi.
Nachonso chinkaoneka bwino.
Chinanditengera zaka ziwiri
mpaka tsiku limene wapolisi wina
anachiyang'ana kachiwiri.

Adaputa ya Nachuma inandidyera mitu isanu ndi umodzi,
soketi yatsopano mitu inayi,
makina akufawo sindinawawerengere.
Twaibu ndinakamumalizira kwawo ndi lezala,
pakhonde, alongo ake atazungulira.
Pa chithunzi cha ukwati ali mpala,
ndipo akadutsa pano amandipatsa moni ali patali.

Mwini nyumba akuti ndipake laimu pakhomapo.
Ndikuzengereza.
Mwaye uja unakwera ngati dzanja lotambasula,
ndipo makasitomala akafunsa, ndimawauza zonse,
kupatula za pasipoti.

M'mawa uliwonse, ndikameta mutu woyamba,
ndimawerama n'kukhudza adaputa ndi kuseri kwa dzanja
momwe mayi ake a Shakira amachitira pachipumi cha mwanayo
usiku wa malungo.
Ikakhala yozizira
ndimati: wotsatira.